Kuphonya kwa Injini Yozizira ndi Kafufuzidwe Kake

Riverside ndi dera la mumzinda wa Kitwe ku Zambia limene lili m'mphepete mwa mtsinje wa Kafue, ndipo ambiri amalidziwa chifukwa cha Copperbelt University, sukulu yaukachenjede imene inakhazikitsidwa mu 1987 ndipo ili m'mbali mwa msewu wa Jambo Drive. Monga dera lonse la Copperbelt, malowa ndi okwera mamita oposa 1,200 kuchokera pamene pamalekezera nyanja yamchere, motero m'miyezi ya Juni ndi Julayi kumazizira usiku mpaka kutsika pansi pa madigiri 10, ndipo kufupi ndi mtsinje, kumene mpweya wozizira umatsikira, galimoto yogona panja imapezeka itanyowa ndi mame kukamacha. Nyengo imeneyi imabweretsa dandaulo lofanana kwa eni magalimoto ambiri, kaya ndi mphunzitsi wa payunivesite, wogwira ntchito kumgodi wa Nkana kapena woyendetsa takisi: galimoto ikalizidwa m'mamawa injini imanjenjemera, imalira modukizadukiza ngati ikufuna kuzima, nthawi zina nyali yochenjeza za injini imaphethira, koma pakapita mphindi imodzi kapena zingapo zonse zimakhazikika, ndipo tsiku lonse galimotoyo imayenda ngati ilibe vuto lililonse.

Chimene chimachitika pamenepo ndi kuphonya kwa injini, kumene amakaniko amangoti injini ikumisa, kutanthauza kuti silinda imodzi kapena angapo akulephera kuyatsa mafuta pa nthawi yake. Silinda ndi chibowo chosalala cha m'kati mwa injini mmene pisitoni imakwera ndi kutsika, ndipo mu injini ya petulo ya mtundu umene Nikolaus Otto anaukonza ku Germany mu 1876, pisitoni iliyonse imabwereza maulendo anayi: imatsika pokoka mpweya wosakanizika ndi petulo, imakwera poupanikiza, pulagi imatulutsa moto umene umayatsa msakanizowo n'kukankhira pisitoni pansi, kenako imakweranso potulutsa utsi. Mu injini ya masilinda anayi, monga zilili m'magalimoto ang'onoang'ono ambiri, masilinda amayaka motsatana mwa dongosolo la 1, 3, 4, 2, ndipo injini ikamazungulira ka 1,200 pa mphindi, monga imachitira ikangolizidwa kumene, silinda iliyonse imayenera kuyaka ka 600 pa mphindi yomweyo. Imodzi ikalephera, mtanda wozungulira wotchedwa crankshaft umasowa woukankha pa gawo limenelo la ulendo wake, ndipo kuchedwa kwakung'onoko ndiko kumamveka ngati kunjenjemera pachiwongolero ndi pampando. Kuti silinda iyake pafunika zinthu zitatu nthawi imodzi, ndizo msakanizo woyenera wa mpweya ndi petulo, kupanikizika kokwanira, ndiponso moto wamphamvu wobwera pa nthawi yake, ndipo kuphonya kulikonse gwero lake limapezeka mwa chimodzi cha zitatuzi.

Chifukwa chimene injini yoyaka bwino masana imalepherera m'mawa chimayambira pa khalidwe la petulo. Petulo sayaka ali madzimadzi, chimene chimayaka ndi nthunzi yake itasakanizika ndi mpweya, ndipo muyeso umene zonse zimapsa bwino ndi pafupifupi magalamu 14.7 a mpweya pa galamu imodzi ya petulo. Injini ikakhala yotentha, petulo wofazidwa ndi injekita, kachipangizo kopopera mafuta mwa timadontho tosaoneka bwino ndi maso, amasanduka nthunzi akangokhudza zitsulo. Koma zitsulo zikazizira, gawo lalikulu la petuloyo limamata pamakoma a njira za mpweya ndi a silinda monga mame amachitira pamalata, ndipo nthunzi yofika pa pulagi imachepa. Pofuna kuthana ndi zimenezi, kompyuta ya injini imawonjezera dala petulo ndi kukweza liwiro la injini mpaka itafunda. Pa nthawi imeneyi kompyutayo imagwira ntchito isakuona zotsatira zake, pakuti sensa ya okosijeni ya mu ekizozi, imene imaidziwitsa ngati petulo wachuluka kapena wachepa, siyamba kupereka uthenga isanatenthe kufika madigiri pafupifupi 300. Kufikira nthawiyo kompyuta imangotsata ziwerengero zimene inapatsidwa kufakitale, poyesa kuti zipangizo zonse zili bwino, ndipo ngati china chafooka palibe chokwirira kufookako. Kuwonjezera apo, labala ndi zitsulo zimakhwinyata zikazizira mwakuti timing'alu timatseguka, oyilo amalimba, batire limachepa mphamvu, komanso chilichonse chimene chimadontha pang'onopang'ono m'kati mwa injini chimakhala chitapeza usiku wonse woti chiunjikane.

Injini yabwino imalira mosavuta ngakhale m'maiko amene madzi amaundana m'nyengo yachisanu, choncho kuzizira kwa ku Kitwe pakokha sikungaiphonyetse. Kumangoulula kufooka kumene kutentha kumabisa. Apa ndi pamene kufufuza kwa anthu ambiri kumasokonekera. Mwini galimoto amanyamuka ku Riverside kupita kugalaja, ndipo pokafika injini imakhala itatentha kale, umboni wonse utafufutika. Makaniko amamvetsera injini yolira bwino, ndipo posafuna kubweza kasitomala chimanjamanja amasintha mapulagi. Vuto likabwerera mawa lake amasintha koyilo, kenako pampu ya mafuta, mpaka ndalama zambiri zitathera pa masipeya amene analibe mlandu. Mchitidwe wotere ndi wopweteka, makamaka kwa munthu amene banja lake limadya galimoto ikayenda. N'chifukwa chake lamulo loyamba pofufuza vutoli ndi lakuti galimoto igone kugalaja, kapena makaniko apite kumene yagona, kuti injini ikalizidwe iye ali pomwepo, itaima usiku wonse, ndipo zida zoyezera zikhale zitalumikizidwa kale kiyi asanatembenuzidwe.

Mtundu wa magalimoto opezeka m'misewu ya Kitwe ndi Ndola umathandizanso kudziwa koyambira. Ambiri ndi ogwiritsidwapo kale ntchito ku Japan, amene amatsitsidwa padoko la Dar es Salaam n'kulowa m'dziko kudzera pachipata cha Nakonde, ena kudzera ku Durban kapena ku Walvis Bay, ndipo pakati pawo Toyota Corolla, Allion, Premio, Vitz, IST ndi Mark X ndi amene amaoneka kwambiri. Magalimotowa amafika akuwala kunja ndiponso ataonetsa makilomita ochepa, koma labala sayendera makilomita okha, amakalamba ndi zaka, mwakuti magasiketi, mapaipi ndi zovala za makoyilo zimakhala zitayamba kale kuuma galimotoyo isanaponde dothi la Zambia.

Wofufuza wosamala amayamba ndi kuona ndi kufunsa asanagwire sipanala, ndipo chinthu choyamba kuchiyeza ndi utali wa nthawi imene kunjenjemera kumatenga. Ngati kumatha pa masekondi ochepa, injini n'kuyera mawu nthawi yomweyo, kawirikawiri m'silinda mumakhala mutagona chinthu chamadzimadzi, kaya petulo, madzi kapena oyilo, chimene chikangopsa kapena kutuluka vuto limatha. Ngati kumapitirira mphindi zingapo mpaka singano ya kutentha itayamba kukwera, maganizo amapita ku mpweya wolowa mozemba, ku sensa yonama kapena ku moto wofooka. Ngati kumakula mvula ikagwa usiku kapena galimoto ikatsukidwa dzulo lake, chinyezi chalowa m'njira ya magetsi. Ndipo ngati vuto limabwera galimoto ikaima nthawi yaitali ngakhale masana a mu Okutobala, ndiye kuti wolakwa ndi kudontha, osati chisanu. Utsi nawo umalankhula. Nthunzi yoyera yopyapyala imene imazimirira msanga m'mawa wozizira ndi yachibadwa, pakuti petulo akapsa amatulutsa madzi, ndipo siyenera kuopsa munthu; koma utsi woyera wochindikala umene umachedwa kubalalika ndipo uli ndi kafungo kotsekemera umaloza ku madzi a rediyeta, wabuluu motuwira ngati wa njinga yamoto yakale umaloza ku oyilo, pamene wakuda wonunkha petulo umasonyeza mafuta opitirira muyeso.

Kenako pamabwera makina owerengera kompyuta ya galimoto. Kuyambira mu 1996 magalimoto onse ogulitsidwa ku America analamulidwa kukhala ndi dongosolo lodzifufuza lotchedwa OBD-II, limene pambuyo pake linafalikira m'maiko ena, ndipo polumikizira pake pa mabowo 16 pamapezeka pansi pa chiwongolero. Kompyuta imazindikira kuphonya poyang'anira liwiro la crankshaft, ndipo ikaona kuti ikuchedwa pa nthawi imene silinda inayake imayenera kukankha, imasunga nambala ya vuto: P0301 ndi silinda yoyamba, P0302 yachiwiri, mpaka P0304, pamene P0300 imatanthauza kuti kuphonyako kukudumphadumpha m'masilinda osiyanasiyana. Pamodzi ndi nambalayo imasunganso chithunzi cha mmene zinthu zinalili pa nthawiyo, monga kutentha kwa madzi ndi liwiro la injini, ndipo chithunzichi n'chamtengo wapatali chifukwa chimatsimikiza ngati vutolo linachitikadi injini ili yozizira. Chotero n'kulakwa kwakukulu kuchotsa waya wa batire kapena kufufuta manambala asanalembedwe, pongofuna kuti nyali izime. Magalimoto ena akale opangidwira msika wa ku Japan salankhulana ndi timakina totchipa togwiritsa ntchito foni, popeza sanapangidwe motsata lamulo la ku America, ndipo amafuna makina odziwa kuwerenga kompyuta za kampani yake. Ngakhale makinawo atakhala abwino chotani, nambala imangonena silinda imene yaphonya, sinena chifukwa chake, ndipo amene amaiwerenga ngati lamulo logulira sipeya amakhala asanayambe n'komwe kufufuza.

Njira ya moto ndiyo imayamba kuyesedwa, chifukwa ndi imene imalephera kawirikawiri ndiponso kuiyesa sikulira ndalama. Mainjini monga 1NZ-FE ya malita 1.5 ndi 1ZZ-FE ya malita 1.8 ali ndi koyilo imodzi pa pulagi iliyonse, ndipo koyilo ndi chipangizo chimene chimakweza magetsi a batire kufika pa mavoti masauzande ambiri kuti moto uthe kudumpha pakamwa pa pulagi. Ngati kompyuta yaloza silinda yachiwiri, makaniko amasinthanitsa koyilo yake ndi ya silinda yachitatu, pulagi yake n'kuipititsa ku silinda yachinayi, kenako n'kudikira kuti injini izizire. Vuto likasamukira ku silinda yachitatu, koyilo ndiyo yafa. Likapita ku yachinayi, ndi pulagi. Likakhala pomwepo, zonse ziwiri zilibe mlandu ndipo kufufuza kupite kwina. Kuyesa kosavutaku kukanapulumutsa makoyilo abwino ambiri amene amatayidwa pachabe. Pulagi yochotsedwa imafunikanso kuiyang'anitsitsa: mpata wa pakamwa pake m'mainjini amenewa umakhala pafupifupi mamilimita 1.1, ndipo ukakula chifukwa cha kutha kwa chitsulo, moto umafuna mphamvu yochuluka kuti udumphe, motero umasankha njira yachidule kulikonse kumene yapezeka. Kamzere kakuda kowonda kotsika m'mbali mwa dongo loyera la pulagi ndi chizindikiro chakuti magetsi akhala akuthawira kunja, ndipo zikatero pulagi ndi chovala cha labala cha koyilo ziyenera kusinthidwa pamodzi, apo ayi chakalecho chimawononga chatsopano.

Chinyezi chimakulitsa kuthawa kwa magetsiku, ndipo ku Copperbelt, kumene mvula ya pakati pa Novembala ndi Epulo imaposa mamilimita 1,000 pachaka, nyengo ya dzinja imabweretsa kuphonya kwa m'mawa kofanana ndi kwa m'chisanu. Chizolowezi chothira madzi amphamvu pa injini potsuka galimoto chimadzaza madzi m'maenje mmene mumakhala mapulagi, ndipo oyilo wodontha pa gasiketi ya chivundikiro cha pamwamba pa injini amasonkhana m'maenje omwewo n'kufewetsa labala. M'magalimoto akale a injini monga 4A-FE ndi 5A-FE, amene ambiri amagawa moto kudzera mu distributor ndi mawaya aatali, mame amagona m'kati mwa chivundikiro cha chipangizocho, ndipo kuwaza nkhungu ya madzi pamawaya kukadali mdima kumaonetsa timoto tothetheka pamene pang'ambika. Palinso nkhani ya mapulagi achinyengo olembedwa maina a makampani odziwika monga NGK ndi Denso, amene amagulitsidwa m'maiko ambiri pa mtengo wotsika modabwitsa ndipo amatha msanga. Choncho mawu akuti mapulagi ndi atsopano si umboni wakuti ndi abwino. Batire nalo lisaiwalike, pakuti lodzaza bwino limaonetsa mavoti 12.6 galimoto itazima, ndipo likamatsika pansi pa mavoti 9.6 pamene sitata ikuzungulira, makoyilo ndi kompyuta zimalandira magetsi operewera pa nthawi imene zikuwafunitsitsa.

Moto ukapezeka kuti uli bwino, chotsatira ndi mpweya. Kompyuta imapima petulo molingana ndi mpweya umene wadutsa pa sensa yoyeza mpweya ili kuseri kwa fyuluta, ndipo mpweya uliwonse wolowera pamng'alu wa pakati pa sensayo ndi injini sumawerengedwa, motero msakanizo umachepa petulo. Injini ikamalira galimoto itaima imakoka mpweya wochepa kwambiri, mwakuti ngakhale kabowo kakang'ono kamasintha muyeso wonse. Injini ya 1ZZ-FE imadziwika ndi vuto limeneli pa gasiketi ya manifodi, chipangizo cha pulasitiki chogawira mpweya kumasilinda: gasiketiyo ikakalamba imakhwinyata usiku n'kusiya mpata, ndipo injini ikatentha imafufuma n'kutsekanso, kotero kuti makaniko woyesa masana sapeza kanthu. Umboni wake umaoneka pa makina owerengera, pamene kompyuta imaonetsa kuti ikuwonjezera petulo ndi maperesenti oposa 10 injini ikangofunda pang'ono, chiwerengerocho n'kumatsika liwiro likakwera, ndipo nthawi zambiri pamabwera nambala ya P0171. Kupopera utsi m'manifodi injini ili yozizira ndi yozima kumaonetsa potulukira popanda ngozi ya moto imene imakhalapo munthu akamawaza mankhwala oyaka pa injini yolira. Fumbi la m'miyezi ya Ogasiti mpaka Okutobala limadetsanso kawaya kowonda ka m'sensa yoyeza mpweya, makamaka ngati fyuluta inabooka poipemerera ndi mpweya wa kompuresa, ndipo sensa yakuda imanena mpweya wochepa kusiyana ndi umene walowadi.

Sensa ina imene bodza lake limaonekera m'mawa ndi ya kutentha kwa madzi a injini, chifukwa ndi imene imauza kompyuta kuchuluka kwa petulo woonjezera. M'kati mwake muli kachipangizo kamene kamakaniza magetsi kwambiri kakazizira ndipo kamawalola kudutsa kakatentha, pafupifupi maohmu 2,000 mpaka 3,000 pa madigiri 20, ndi maohmu pafupifupi 300 pa madigiri 80. Kuiyesa n'kosavuta galimoto ikagona usiku wonse, pakuti pa nthawiyo madzi a injini, mpweya wa m'njira yolowera ndi mpweya wa panja zonse zimakhala zitafanana kutentha, ndipo sensa ya madzi ndi ya kutentha kwa mpweya wolowa ziyenera kunena chiwerengero chofanana kapena chosiyana pang'ono chabe. Sensa ya madzi ikanena madigiri 40 pamene panja pali madigiri 9, kompyuta imamana injini petulo amene ikufunika, ndipo masilinda onse amavutika limodzi. M'njira ya madziwa mulinso themositati, kachitseko kamene kamatsekera madzi mu injini mpaka atatentha kufika madigiri pafupifupi 80. Anthu ambiri m'chigawo chino cha Africa amaichotsa pokhulupirira kuti ndi ya maiko ozizira okha, koma chikhulupiriro chimenechi n'cholakwika ndipo chimadyetsa ndalama: injini yopanda themositati imachedwa kufunda, kompyuta imapitiriza kuthira petulo wambiri, mapulagi amada ndi mwaye, ndipo m'mawa wotsatira amayamba ntchito ali odetsedwa kale.

Kumbali ya mafuta, injekita imatha kulakwa m'njira ziwiri. Yotsekeka pang'ono imalavula petulo mwa madontho akuluakulu amene sasanduka nthunzi pa chitsulo chozizira, pamene yosatseka bwino imadonthezera petulo usiku wonse m'njira ya silinda yake n'kunyowetsa pulagi. Geji yolumikizidwa papaipi ya mafuta imaonetsa mphamvu ya mabaa pafupifupi 3 m'magalimoto ambiri otere, ndipo injini ikazimitsidwa mphamvuyo siyenera kugwa msanga. Ikagwa, pulagi ya silinda imodzi n'kupezeka yonyowa ndi petulo m'mawa, injekita ya silindayo ndiyo yoikayikira.

Ubwino wa mafutawo ndi nkhani imene anthu amathamangira kuitchula. Kwa zaka zambiri Ndola inali phata la mafuta a dziko la Zambia, pakuti paipi ya TAZAMA ya makilomita 1,710 yochokera ku Dar es Salaam inayamba kugwira ntchito mu 1968, ndipo fakitale yoyenga mafuta ya Indeni inatsegulidwa mumzindawo mu 1973; masiku ano Indeni inasiya kuyenga, paipiyo imanyamula dizilo woyengedwa kale, ndipo petulo amabwera ndi matanka a pamsewu. Bungwe la Energy Regulation Board ndilo limayang'anira ubwino wa mafuta ogulitsidwa pamalo ovomerezeka, koma wogula petulo wa m'zigubu m'mbali mwa msewu alibe chomutsimikizira kuti simunalowe madzi kapena palafini. Palafini amachedwa kusanduka nthunzi kusiyana ndi petulo, motero zoipa zake zimayamba kuonekera pa injini yozizira. Komabe mafuta oipa sasankha silinda, amavutitsa onse pamodzi ndipo vuto limayamba galimoto itangothiridwa kumene. Ngati silinda yachitatu yokha ndiyo yakhala ikuphonya kwa mwezi wathunthu, kunamizira mafuta n'kutaya nthawi.

Mainjini amene Toyota imawatcha D-4, monga 1AZ-FSE ya m'magalimoto ena a Allion, Premio ndi Noah, ndiponso 4GR-FSE ya mu Mark X, ali ndi vuto lawolawo. M'mainjiniwa injekita imapopera petulo m'kati mwenimweni mwa silinda, choncho mavalavu olowetsa mpweya satsukidwa ndi petulo monga zimakhalira m'mainjini ena, ndipo mwaye wosakanizika ndi nthunzi ya oyilo umaundana kumsana kwawo n'kusokoneza kayendedwe ka mpweya, makamaka injini isanafunde. Maulendo afupiafupi, monga ochoka ku Riverside kukafika pakati pa tauni n'kuzimitsa, amakulitsa kuunjikana kwa mwaye ndi chinyezi kusiyana ndi ulendo wa makilomita pafupifupi 60 wopita ku Ndola, umene umapatsa injini mpata wotentha mokwanira. Mankhwala othira m'thanki safika pamavalavu amenewa, ndipo mwaye ukachuluka njira yake ndi kumasula manifodi n'kuupala.

Chimene chimafuna chidwi chachikulu kuposa zonsezi ndi gasiketi ya hedi, imene imakhala pakati pa mutu wa injini ndi thunthu lake, ndipo imalekanitsa moto wa m'masilinda, madzi ozizilitsa ndi oyilo. Ikayamba kung'ambika pang'ono sionetsa zizindikiro zoopsa zimene anthu amazidziwa, monga oyilo wosanduka ngati mkaka kapena injini yowira. Chimene chimachitika n'chakuti injini ikazimitsidwa ili yotentha, madzi a m'rediyeta amakhalabe opanikizika ndi mphamvu ya pafupifupi baa imodzi pamene m'silinda mulibenso chowakankha, ndiye amalowa pang'onopang'ono pamng'alupo n'kugona pamwamba pa pisitoni. M'mawa silindayo imaphonya kwa masekondi angapo kufikira madziwo atatuluka ngati nthunzi, ndipo chitsulo chikatentha mng'alu umatsekeka. Mwini galimoto amangoona kuti akuwonjezera madzi sabata iliyonse popanda podontha pooneka. Pulagi ya silinda yotere imaoneka yoyera kuposa zinzake chifukwa nthunzi imaitsuka, ndipo makaniko wosazindikira angaiyese kuti ndiyo yabwino koposa. Potsimikiza, amapopera mpweya m'rediyeta ndi pampu yoyezera, amachotsa mapulagi, n'kusiya galimoto usiku, ndipo m'mawa amasuzumira m'masilinda ndi kakamera kolowa pabowo la pulagi. Njira ina ndi ya mankhwala a mtundu wa buluu amene amasanduka achikasu akakumana ndi utsi wa injini wotuluka pakamwa pa rediyeta. Kawirikawiri mbiri ya galimoto yotere imaonetsa kuti inawirapo tsiku lina, kapena kuti kwa nthawi yaitali yakhala ikuthiridwa madzi a pampopi opanda mankhwala oletsa dzimbiri. Kuzengereza pamenepa n'koopsa chifukwa madzi sapanikizika, ndipo tsiku limene adzalowe ochuluka, pisitoni idzawagunda n'kupinda ndodo yake, ntchito ya gasiketi imodzi n'kusanduka yogula injini ina.

Oyilo naye amatha kutsikira m'silinda usiku kudzera pa timalabala totseka mapesi a mavalavu tikauma, ndipo chizindikiro chake ndi utsi wa oyilo wa kanthawi kochepa polizidwa. Kuti adziwe thanzi la pisitoni, maring'i ndi mavalavu, makaniko amayeza kompuresheni, kutanthauza mphamvu imene silinda imapanikizira mpweya, pomanga geji pabowo la pulagi. Apa pali mfundo imene amisiri a ku Copperbelt ayenera kuikumbukira nthawi zonse. Ziwerengero za m'mabuku a fakitale zimayenderana ndi malo otsika a kufupi ndi nyanja, kumene mpweya umalemera makilopasiko 101, pamene ku Kitwe ndi ku Ndola umalemera pafupifupi 87, motero injini yabwinobwino imaonetsa kompuresheni yotsikirapo ndi gawo loposa limodzi mwa magawo khumi. Wosadziwa zimenezi angaphwasule injini yopanda vuto. Chofunika kwambiri ndi kufanana kwa masilinda, ndipo imodzi ikatsalira kutali ndi zinzake, kuthira kasupuni ka oyilo pabowo la pulagi n'kuyezanso kumasiyanitsa zifukwa: chiwerengero chikakwera ndiye kuti maring'i atha, chikapanda kusintha vuto lili pamavalavu kapena pagasiketi.

Magalimoto a dizilo, monga maminibasi ambiri a Hiace, alibe mapulagi a moto, chifukwa dizilo amayaka ndi kutentha kwa mpweya wopanikizika. Kuphonya kwawo kwa m'mawa kumachokera kwambiri pa maglow plug, timikondo totenthetsa m'silinda injini isanalire, kapena pa mpweya umene umalowa m'paipi ya mafuta usiku dizilo n'kubwerera kuthanki, ndipo utsi woyera woyabwa m'maso ndi dizilo wosapsa.

Pali ena amene amazolowera vutoli, namaponda mafuta mwamphamvu m'mawa uliwonse kuti injini iyere mawu msanga. Kutero kumathamangitsa zitsulo oyilo asanafike paliponse, komanso petulo wosapsa wa m'silinda yophonya amatsuka oyilo wa pamakoma ake, wina n'kutsikira m'sampu kukasungunula oyilo yense. Wotsalayo amapita mu ekizozi kukapsera mu catalytic converter, chisa cha dongo chokutidwa ndi zitsulo zamtengo wapatali monga platinum chimene chimayeretsa utsi, ndipo kutentha kopitirira muyeso kumachisungunula mpaka kutseka njira ya utsi. Nyali ya injini ikamaphethira m'malo mongoyaka, kompyuta ikuchenjeza za ngozi imeneyi. Kuboola chisacho n'kuchitaya, monga ena amachitira, kumasiya kuphonya kuli pomwepo ndipo kumawonjezera utsi woipa m'mizinda imene anthu ake akhala kale zaka zambiri akupuma mpweya wa m'ng'anjo zosungunulira mkuwa.

Sukulu za ntchito zamanja monga Northern Technical College ku Ndola zimaphunzitsa ukatswiri wa magalimoto, ndipo amisiri ambiri aluso anaphunzirira pamanja a akuluakulu awo m'magalaja, koma onsewa amafunika mwambo umodzi pokonza vuto la mtundu uwu: kusintha chinthu chimodzi pa nthawi, kulemba zimene zayezedwa, ndi kudikira kuti injini izizire asananene kuti ntchito yatha. Kompyuta zambiri siziyatsa nyali pa kuphonya kochepa kufikira zitakuona pa maulendo awiri otsatana, choncho nyali yozima pa tsiku lokonza si umboni wa chilichonse. Galimoto iyenera kulizidwa m'mawa kawiri kapena katatu itagona usiku wonse, makina atalumikizidwa, ndipo chiwerengero cha kuphonya cha silinda iliyonse chizikhala pa 0 kuyambira pamene injini yalira kufikira singano ya kutentha itafika pakati.